Tenti, klorini ndi maliro: zimene odwala kolera amaona, zimene achipatala amaona

Mliri wa kolera umene boma linalengeza pa 3 Malichi 2022, wodwala woyamba atapezeka ku Machinga, unafika m'maboma onse a dziko lino. Pamene unkazilala chapakati pa 2023, anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atatisiya. Chiyambire 1973, chaka chimene matendawa analowa m'Malawi, kolera anali asanaphepo anthu ochuluka chotere. Mliri wa 2001 mpaka 2002, umene unkatchedwa waukulu, unapha anthu osakwana 1,000.

Mwa odwala 100 aliwonse, pafupifupi atatu ankamwalira. Pamenepa ndi pamene pamawawa, chifukwa kolera amachizika ndi zinthu zotchipa: madzi aukhondo, mchere, shuga, ndi diripi kwa amene wafookeratu. Bungwe la WHO limati pamene thandizo likufika bwino, omwalira sayenera kukwana ngakhale mmodzi pa 100. Zifukwa zilipo zambiri. Namondwe wa Ana ndi wa Gombe anagwetsa zimbudzi n'kuipitsa zitsime, zipatala zina zinkaperewedwa zipangizo, mitunda nayo ndi yaitali. Koma dandaulo limene linkamveka ponseponse linali la kuchedwa: odwala ankafika atatheratu, ena ankafera m'njira kapena kunyumba.

Mukafunsa wachipatala chifukwa chake, yankho silichedwa: anthu ndi osamva, amayamba kwa sing'anga kapena kumapemphero, kuno amabwera zinthu zitafika posauzana. Mukafunsa kumudzi, nakonso yankho lilipo: kukampu ya kolera ukalowa sutuluka, ndipo ukafera kumeneko abale ako sakuonanso nkhope. Onsewa akunena zimene anaona ndi maso awo. Koma aliyense amaona mbali yake yokha, ndipo zimene wina amachita chifukwa cha mantha kapena kutopa zimangotsimikizira mnzakeyo kuti ankanena zoona.

Maola oyambirira, kunyumba

Kolera sayamba moopsa. Kawirikawiri thupi silitentha ndipo m'mimba simupota kwenikweni. Munthu amangotsekula madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga, kenako kusanza. Palibe amene sanatsekulepo m'mimba n'kuchira yekha, choncho banja limachita zomwe limachita nthawi zonse: kugula Flagyl kapena makapusozi pagolosale, kuwiritsa mizu, kudikira kuche. Kumeneku si kupusa. Ulendo wa usiku umafuna kabaza, ndalama yolipira, ndi munthu woti asiye ana ndi munda akakhale gadiyani.

Chimene banja silikudziwa ndi liwiro la matendawa. Wamkulu amene kolera wamugwira kwambiri atha kutaya lita yathunthu ya madzi pa ola limodzi. Woyamba kutsekula madzulo, pofika m'bandakucha maso alowa, mawu asasa, miyendo ikukokana, khungu mukalitsina silibwerera, mkodzo wasiya kutuluka. Uthenga woti "thamangirani kuchipatala" umamveka pawailesi tsiku lililonse, koma si kawirikawiri pamene umanena poyera kuti pa kolera timawerenga maola, sitiwerenga masiku.

Palinso ganizo lofala lakuti wotsekula ukamupatsa madzi ukuwonjezera kutsekulako. Wodwazika amamwetsa kapu, wodwala n'kusanza, iye n'kuleka. Choyenera n'kudikira mphindi 10, n'kuyambiranso pang'onopang'ono, mwana ndi supuni, wamkulu timadzi tochepa pafupipafupi. Ngakhale ena abwerere, ambiri amatsalira m'thupi. Paketi imodzi ya Thanzi, ufa wa mchere ndi shuga wobwezeretsa madzi m'thupi, imasungunulidwa mu lita yathunthu ya madzi otetezedwa, ndiye kuti mabotolo awiri a 500 ml, ndipo otsala amatayidwa pakatha maola 24. Ambiri amalakwitsa pothira paketi yonse m'kapu imodzi kuti mankhwala akhale amphamvu. Kutero kumachulutsa mchere, ndipo kwa mwana n'koopsa. Paketi ikasowa, supuni zazing'ono 6 za shuga zosasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi zimamusunga wodwala panjira. Woyamwa apitirize kuyamwa. Kumwetsa konseku kumachitika ulendo wa kuchipatala uli m'kati.

M'tenti

Kampu ya kolera imakonzedwa kuti tizilombo tisatuluke. Pamakhala mpanda, khomo limodzi, munthu wopopera klorini kumapazi, ndowa yosambira m'manja. M'kati muli mabedi obowola pakati, ndowa ili pansi pa bowolo, ina pambali yosanziramo. Ogwira ntchito ali m'magambutsi, maepuloni ndi magulovu. Wachipatala akayang'ana zimenezi amaona dongosolo labwino. Mayi amene waima kunja kwa mpanda, mwamuna wake ali m'kati, akuona malo amene abale akubwezedwa pakhomo pamodzi ndi phala lomwe anatenga, pamene bambo wa ulemu wake wagona pabedi lobowola atangofunda kansalu. M'zipatala zathu gadiyani ndiye amasambitsa, kudyetsa ndi kuitana namwino zinthu zikasintha. Akachotsedwa, banja lilibenso womuuza zimene zikuchitika.

Tsopano afike wochedwa uja. Mitsempha yaphwa, pamkono sipakumveka kugunda. Ndondomeko ya chithandizo imati alandire madzi a diripi otchedwa Ringer's lactate okwana 100 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake m'maola atatu. Kwa munthu wa makilogalamu 60 amenewo ndi malita 6, ndipo pafupifupi awiri ayenera kulowa m'mphindi 30 zoyambirira. Namwino abaya dzanja ili, mtsempha sukupezeka, abaya linalo, mwina aike madiripi awiri nthawi imodzi n'kumafinya thumba ndi manja kuti madzi athamange. Ambiri amadzuka, ndipo munthu amene anabwera ali chikomokere amapempha yekha madzi akumwa pakangopita maola ochepa. Koma ena impso zimakhala zitawonongeka kale, ena mtima umaima singano isanalowe bwino. Wachibale amene anasuzumira waona chinthu chimodzi: anafika akupuma, anamubaya kangapo, wamwalira. Nkhani yokafika kumudzi ndi imeneyo. Wodwala wotsatira amasungidwa m'nyumba usiku wina wowonjezera, amafika atafooka kuposa woyamba uja, ndipo mbiri ya tenti imaipirabe.

Mphekesera zoterezi zimagwira msanga chifukwa pali zakale zimene anthu sanaiwale. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inazunguza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, anthu angapo anaphedwa, ndipo a zaumoyo ena ankaopa kuyenda ndi zipangizo zawo. Nthawi ya Covid-19 kunamveka zoti achipatala amapindula odwala akachuluka. Kumayambiriro kwa 2023, ku Balaka anthu olusa anaphwanya chipatala chaching'ono atamva zoti ogwira ntchito akufalitsa kolera ndi jakisoni. Bodza limeneli linaika pachiswe odwala enieniwo, ndipo palibe cholungamitsa chiwawa chotero. Komabe wofuna kulithetsa ayenera kudziwa pamene linamera, pa singano ija yobayidwa kangapo kuseri kwa mpanda.

Amene afika msanga nawo ali ndi maganizo awo. Ambiri safuna Thanzi, amafuna diripi, chifukwa kwa iwo madzi a m'kapu si mankhwala. Chonsecho odwala pafupifupi 80 pa 100 aliwonse amachira ndi Thanzi basi. Wofooka pang'ono amafunika 75 ml pa kilogalamu m'maola 4, amene kwa munthu wa makilogalamu 60 ndi malita anayi ndi theka, ndipo pamafunika wina wokhala pambali pake kumamudzazira kapu ndi kumulimbikitsa. Namwino amene ali yekha m'tenti yodzaza amaona kuti kupachika diripi n'kwachangu, ndipo wodwala amakhutira. Zotsatira zake Ringer's amatha asanafike amene moyo wake ukudalira iyeyo, ndipo anthu amaphunzira kuti wopatsidwa Thanzi ndiye kuti sanamulabadire.

Zimene zimasintha maganizo a anthu pa tenti n'zooneka ndi maso. Malo omwetsera Thanzi m'mudzi momwemo, oyang'aniridwa ndi mavolontiya odziwika, amachititsa kuti thandizo liyambe m'maola oyambirira popanda mpanda. Gadiyani mmodzi wophunzitsidwa kusamba m'manja ndi kutaya ndowa atha kuloledwa kulowa, ndipo ndi yemweyo angamwetse Thanzi uja. Mpanda ukhale wakuti munthu n'kuona m'bale wake ali chapatali. Ndipo ochira azilengezedwa monga momwe amalengezedwera omwalira, chifukwa mwa 100 olowa oposa 90 amatuluka akuyenda okha, koma maliro ndiwo amamveka kutali.

Klorini

Ufa wa klorini wotchedwa HTH ndi umodzi, koma umasungunulidwa mosiyana malinga ndi ntchito. Ukakhala wa mphamvu ya 70 peresenti, magalamu 30 mu lita imodzi amapanga klorini wa 2 peresenti, wothira pa chimbudzi cha wodwala, masanzi ndi mtembo. Magalamu 30 omwewo mu malita 10 amapanga wa 0.2 peresenti, wokolopera pansi ndi kutsukira mabedi ndi zovala. Magalamu 7 mu malita 10 ndi wa 0.05 peresenti, wosambira m'manja. Wa 1 peresenti, magalamu 15 mu lita, ndi amene alangizi a zaumoyo amagawa m'mabotolo kuti azithiridwa pang'ono m'madzi akumwa. Wachipatala amadziwa kuti izi ndi zinthu zinayi zosiyana. Wa kumudzi amamva fungo limodzi: dzulo linali pa mtembo wa mnansi wake, lero akuuzidwa kuti alithire mumtsuko wa ana ake. Ngati palibe amene wamufotokozera kusiyana kwake, kukana kwake n'komveka.

Dandaulo lalikulu ndi fungo ndi kakomedwe, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi muyeso. Supuni yaing'ono imodzi ya klorini wa 1 peresenti, imene ndi 5 ml, mu ndowa ya malita 20 imapereka mamiligalamu awiri ndi theka pa lita. Gawo lina limathera pa litsiro la m'madzimo, ndipo cholinga n'chakuti pakatha mphindi 30 mutsale pafupifupi theka la miligalamu pa lita. Koma pakhomo supuni imene ili pafupi mwina ndi yaikulu, yolowa 15 ml, katatu muyeso uja. Ndowa mwina si ya malita 20. Wina chifukwa cha mantha amawonjezera dala. Tiyi amanunkha, ana amakana madzi a m'nyumba n'kukamwa kuchitsime, ndipo pakutha pa sabata botolo laponyedwa kuseri kwa nkhokwe. N'chifukwa chake mlangizi amene amayeza pamaso pa mayi, ndi supuni ya mayiyo ndi ndowa yake yomwe, amapindula kuposa amene wangogawa mabotolo pamsonkhano.

Vuto lina limabwera mosiyana ndi limeneli. Klorini wosungunula amatha mphamvu akakhala padzuwa, potentha, kapena m'botolo losatseka. Banja limene lakhala likuthira mokhulupirika kuchokera m'botolo la mwezi watha likuthira madzi wamba, ndipo wina akadwala limati klorini ndi wabodza. Madzi amatope nawo amadya klorini yense. Ayenera kudikha kaye, kusefedwa ndi nsalu yoyera, kenako n'kuthiridwa muyeso wowirikiza, monga amanenera malangizo a WaterGuard: chitsekero chimodzi pa malita 20 a madzi oyera, ziwiri pa amatope. Ndipo madzi a pamjigo, amene anthu amati ndi abwino kale, amaipitsidwa kunyumba ndi kapu yotungira imene aliyense amaigwira n'kuiviika pamodzi ndi zala. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena ndowa ya mpopi zimathetsa zimenezi.

Kupopera nyumba ya wodwala n'koyenera kukuganiziranso. Gulu lovala zodzitetezera likafika ndi mapampu, mudzi wonse umadziwa kuti pakhomo paja pali kolera, amene uthenga wa zaka zambiri wawaphunzitsa kuti ndi matenda a uve. Mwana amasalidwa kusukulu, mayi wogulitsa mandasi amataya makasitomala. Mabungwe monga UNICEF ndi MSF, bungwe la madokotala opanda malire, salimbikitsanso kupopera m'nyumba, chifukwa opopera amafika patapita masiku tizilombo titafalikira kale, ndipo manyazi ake amachititsa ena kubisa odwala. Chothandiza kwambiri n'kupatsa banjalo sopo, klorini ndi ndowa tsiku lomwe wodwala wagonekedwa, popeza a m'nyumba imodzi ndi wodwala ndiwo ali pachiopsezo chachikulu sabata yotsatirayo.

Maliro

Thupi la womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo tochuluka, ndipo madzi amapitiriza kutuluka. Osambitsa maliro akachoka pamenepo amakagwira ziwiya kapena kudya ndi anzawo. Choncho achipatala amatsuka thupi ndi klorini wa 2 peresenti, kutseka kukamwa, mphuno ndi kotulukira chimbudzi ndi thonje loviika mu klorini, kuliika m'thumba la pulasitiki, n'kulamula kuti liikidwe m'manda msanga popanda kuphika.

Kwathu kuno maliro ndi kugona pasiwa, kudikira wachibale wochokera kutali, kuona nkhope, kuphikira adzukulu. Kwa Asilamu, amene ndi ambiri ku Mangochi ndi Machinga kumene mliri unavuta, kusambitsa thupi ndi kulikulunga m'nsalu yoyera ndi lamulo la chipembedzo. Banja likalandira thumba lotseka n'kuuzidwa kuti lisatsegule, limadzifunsa chimene chikubisidwa. Wina akaona thonje m'mphuno, nkhani yoti achotsa ziwalo yayamba. Mabanja ena amalimbirana mtembo ndi achipatala, ena amakatsegula thumba kumudzi n'kusambitsa ndi manjamanja, zimene ndi zoopsa kuposa zonse. Ndipo pali okalamba amene amasankha kufera pamphasa pawo kuti adzaikidwe mwaulemu.

Kolera si Ebola. Tizilombo take timalowera pakamwa. Kuima pafupi ndi bokosi, kuona nkhope, kuimba ndi kupemphera sikupatsira munthu matendawa. Chopatsira ndi kugwira madzi otuluka m'thupi kenako kugwira chakudya, kufinya mimba ya malemu, ndi beseni limodzi losambamo m'manja anthu makumimakumi nsima isanabwere. Malire akadziwika chonchi, pali zambiri zimene anamfedwa angaloledwe. Wachibale mmodzi kapena awiri aonerere thupi likukonzedwa, auzidwe ntchito ya thonje lija. Osambitsa a mpingo kapena a mzikiti apatsidwe magulovu, maepuloni ndi klorini, agwire ntchitoyo limodzi ndi mlangizi. Nkhope ionedwe thumba lisanatsekedwe. Kumene kuletsa chakudya kwakanika, aphike amene sanakhudze thupi, chidyedwe chikadali chotentha, ndipo m'manja asambe ndi sopo mothirirana ndi jagi.

Katemera

Katemera wa kolera ndi wakumwa, amaperekedwa kuyambira mwana wa chaka chimodzi, ndipo mwa dongosolo lake amamwedwa kawiri. Mu Okutobala 2022 atachepa padziko lonse, WHO ndi mabungwe anzake anagwirizana zoti m'madera a mliri anthu azimwa kamodzi, ndipo mwezi wotsatira Malawi analandira katemera wokwana 2.9 miliyoni. Anapeza anthu atatopa kale: wa Covid-19 anali asanazizire, wa poliyo anali akuyenda khomo ndi khomo chitulukire mwana wodwala poliyo ku Lilongwe mu Febuluwale 2022. Funso loti "akatemera achulukiranji" ndi mphekesera zoti amatseketsa kubereka zinali zili kale m'midzi.

Chitetezo cha katemerayu chimayamba patapita sabata kapena kuposerapo, pamene kolera amaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku asanu chilowereni m'thupi. Munthu atha kumwa katemera Lolemba ali kale ndi tizilombo, n'kudwala Lachitatu, ndipo anansi adzati katemera ndiye wamudwalitsa. Sateteza aliyense, ndipo kwa ana osakwana zaka zisanu mphamvu yake ndi yocheperako. Wopereka katemera akanena zimenezi poyamba, wodwala mmodzi sagwetsa ntchito yonse. Ku nyanja ya Chilwa mu 2016, asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, anapatsidwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha pamadzi pomwepo, m'malo mowayembekezera kuti asiye usodzi abwere kumtunda.

Achipatala nawo

Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma ambiri ali ndi ochuluka kuposa pamenepo. Mliri ukabuka, yemweyo agawe klorini, afufuze odwala, ayang'anire maliro, usiku akathandizenso kutenti, uku sikelo ya ana ikumudikira. Alawansi imachedwa. Maphunziro nthawi zina amapita kwa akuluakulu, pamene wokolopa ndi mlonda, amene amasungunula klorini ndi kutaya ndowa, amangophunzira poonera. Klorini wa 0.05 ndi wa 0.2 peresenti amayenera kukonzedwa watsopano tsiku lililonse, ndipo ngati wokonzayo sanauzidwe, ndowa ya pakhomo la tenti imangokhala yokongoletsa. Pali zipatala zimene mpopi wake ndi wouma, ndipo wogwira ntchito amavala magulovu amodzi kuchoka pa wodwala uyu kupita pa uyo, akudziona wotetezeka. Odwala amaziona zimenezi, ndipo uthenga wa kusamba m'manja umapepuka.

Mawu oti "anthu ndi osamva" amabisa zambiri. Boma litalengeza pa 5 Disembala 2022 kuti mliriwu ndi ngozi yaikulu ya zaumoyo, kunabwera malamulo: sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu kunaletsedwa, ndipo mu Febuluwale inakhazikitsidwa kampeni ya Tithetse Kolera. Koma mayi wa m'tauni amene amagula madzi pa ndowa, kiyosiki ikauma amapita kuchitsime akudziwa bwino kuopsa kwake. Chimbudzi chokumbidwa mumchenga wa m'mbali mwa nyanja chimagwa mvula yoyamba. Mpondagiya womangidwa poopa chindapusa cha amfumu amakhala wopanda madzi, chifukwa sopo amene alipo ndi wochapira ndi wosambira. Ambiri mwa anthu amenewa uthenga anaumva ndithu.

Funso limene wodwala wochedwa amalandiridwa nalo ndi lodziwika: "Munali kuti nthawi yonseyi?" Limachokera mumtima wa munthu amene watopa kuona imfa zopeweka, koma limamveka kwa onse amene ali pamzere, ndipo amakalinena kumudzi. Funso lomwelo lili ndi ntchito likafunsidwa diripi italowa kale, mofatsa, mayankho n'kulembedwa: kutsekula kunayamba nthawi yanji, anamwa chiyani, chinawachedwetsa n'chiyani. Ambiri a mudzi umodzi akatchula mayendedwe, kumeneko kukufunika malo omwetsera Thanzi ndi njinga yonyamulira odwala. Akatchula mpingo, wokambirana naye ndi mtsogoleri wa mpingowo, ndipo amene angamufike bwino ndi amfumu kapena m'busa mnzake. Akatchula kuopa tenti kapena thumba la maliro, komiti ya chipatala itenge nyakwawa, shehe ndi abusa akalowe m'kati atavala magambutsi, aone mabedi, ndowa ndi thonje, alankhule ndi ochira, akafotokoze okha kumudzi.